Tsiku limene Aticha anakana mthunzi ku Cateme

Aticha Benedito anamwalira mwezi watha, nthawi yokumba kachewere, ndipo ine ndinadziwa ndisanauzidwe. Nyumba yanga ndi yawo kuno ku Zóbuè zimalekana ndi mpanda wa udzu basi. M'mawa uliwonse ankatsokomola, n'kutsuka m'kamwa mwaphokoso ngati akukangana ndi madziwo, kenako n'kuyamba kupereka moni wa Chingerezi kwa aliyense wodutsa, kaya ndi munthu kaya ndi nkhuku. Tsiku limenelo kunali zii. Ndinangomva tsache la a Nangozo, akazi awo, likuyamba kusesa n'kulekera pakati.

Pamaliro analankhula ambiri. A tchalitchi ananena zawo, ana amene anawaphunzitsa ananena zawo, ndipo wina anayesa kulankhula m'Chingerezi mpaka anasochera pakati pa chiganizo. Eni ake akanakhala moyo akanamudula mawu pomwepo. Koma palibe amene anatchula nkhani ya Telma, mwana wa mlongo wanga Zakariya, amene anatsala pang'ono kukhala ndi chikalata cha sukulu cholembedwa ndi dzanja la munthu wina. Ine sindikanainena pamanda, chifukwa mwini manyaziwo anali ataima pomwepo, chipewa chili m'manja. Ndiye ndikuilemba pano. Ndikuilemba chifukwa ndimawathokoza akulu aja, ngakhale tinakhala zaka zambiri tikukangana pampanda.

Aphunzitsi a kusukulu kuno timawatcha apurofesoro. Aticha analipo amodzi okha, ndipo dzinalo anabwera nalo kuchokera ku Malawi. Anathawira kumeneko nthawi ya nkhondo ali mnyamata, anaphunzirako Chingerezi, mpaka anayamba kuphunzitsa ana a othawa anzawo. Mtendere utabwera anabwerera ndi mkazi, ana, ndi mapepala amene kuno sanawawerengere, poti sukulu zathu zimayenda m'Chipwitikizi. Choncho anakhala mlimi. Ndinene zoona, ulimi sunali wawo. Mizere yawo inkakhota ngati yolima woledzera, ndipo akanapanda a Nangozo, banja lija likanadya mabuku. Madzulo ndi pamene ankakhala munthu weniweni, pakhonde pawo, ndi ana ochepa ofuna thandizo la mayeso.

Malasha asanatchuke, anawo ankakhala oti ungawawerenge ndi dzanja limodzi. Kenako ku Moatize kunadzaza alendo ndi magalimoto, ndipo kunamveka kuti wodziwa Chingerezi ntchito imachita kumuthamangira. Khonde linadzaza. Ena ankakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kuchokera ku Moatize, ena ankapalasa njinga kuchokera ku Kambulatsitsi, abambo a ndevu kupanikizana ndi ana a desima, kalasi ya khumi ija imene mayeso ake amatsegula kapena kutseka njira. Aliyense ankabwera ndi chimene anali nacho, nkhuni, nyemba, nthawi zina manja okha. Aticha sankayang'ana zimenezo. Chimene sankalekerera ndi kuchedwa.

Kaphunzitsidwe kawo ndinakaonera pampanda, chifukwa ine Chingerezi changa ndi chotolera. Sankalola mwana kulemba mawu mumndandanda n'kumaloweza. Ankati mawu amene sanadutse m'manja safika m'chipinda cha mayeso, amagwa panjira. Ndiye chilichonse chinkakhala chophunzitsira. Ine ndimagulitsa kabichi pamsewu, ndipo kangapo ndinapeza dengu langa litachepa, kabichi wanga ali pakhonde akuponyerana ana, wina kugula wina kugulitsa m'Chingerezi. Ndikakalipa ankandiyankha kuti ndinyade, poti kabichi wanga ndi wophunzira kuposa wa anzanga onse. Masiku ena ankawatenga anawo kupita kumzere wa magalimoto akuluakulu odikira kuwoloka malire, kukawerenga zolembedwa pamatupi a magalimotowo ndi kuvutitsa madalaivala ndi mafunso.

Koma phunziro limene linkasonkhanitsa anthu kumpanda linali la mawu aja onena zimene munthu wadzichitira yekha, amene ankati sasowa pamayeso a desima. Ankatulutsa beseni la madzi ndi galasi loonera nkhope la a Nangozo. Mwana wina asambitse mnzake m'manja, anene. Kenako asambe yekha, anene. Ayang'ane mnzake, anene. Adziyang'ane pagalasi, anene. Ana athu ankagwera pamalo amodzimodzi. Kwathu mwamuna ndi iye, mkazi ndi iye, ndiye himself ndi herself ankangozisakaniza ngati nyemba ndi nandolo. Mnyamata akatchula mnzake wamwamuna ndi mawu a mkazi, Aticha ankamuveka duku kumutu mpaka akonze. Ndinaonapo bambo wa ana atatu, wofuna ntchito yoyendetsa makina kumgodi, atakhala ndi duku la maluwa, thukuta kamukamu, akubwereza chiganizo. Sanalakwitsenso.

"A Mbewe, duku langa la kutchalitchi lili kuti?" ankafuula a Nangozo m'nyumba, kuitana amuna awo ndi mfunda wawo.

"Lili pantchito, mayi. Libwera likaweruka."

Anali ndi lamulo limodzi limene linawadanitsa ndi amayi ambiri, ine ndemwe. Pakhonde pawo panalibe kugwada. Mtsikana akafunsidwa funso ankayenera kuimirira, kuyang'ana munthu kumaso, ndi kuyankha mawu omveka mpaka kumsewu. Amayi a kutchalitchi anapita kukadandaula kuti akuwononga ana, mtsikana wanji womangoti ine, ine ndekha, maso ali tong'o pa munthu wamkulu. Aticha anawapatsa mipando, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anawauza kuti kunyumba ana agwade mmene angafunire, iwo alibe nazo mlandu, koma wochonga mayeso saona maondo. Ankanenanso kuti mwana woopa kudzitchula pakamwa amaopanso kudzitchula papepala. Ine ndinawauza kuti mwambo anausiya ku Malawi pamodzi ndi mahema. Anaseka, n'kunena kuti mwambo amaudziwa kuposa ine, kungoti sautulutsa tsiku lililonse. Ndinayesa akungodzitama.

Sanali munthu wofewa. Kuyamikira mwana kunkawavuta ngati kuzula dzino. Ukakhoza bwino ankangoti, "Ehe, wotsatira." Ankapsa mtima msanga, ndipo ana ena anathawa osabwereranso. Zaka zomaliza, ntchito za kumalasha zitachepa ndipo ana atayamba kufunsa mafoni m'malo mofunsa iwo, ankakalipira ngakhale mphepo. Chinanso, ankaopa kutentha. Anali ndi matenda a kuthamanga magazi, ndipo Moatize ankamutcha uvuni. Ana awo akawaitana kumeneko ankakana, amvekere munthu wa kumapiri akatsikira kuchigwa amabwerera m'bokosi. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo pafupi, ndinawaona akutsika kamodzi kokha.

Mlongo wanga Zakariya anali woumba njerwa pafupi ndi Moatize, kumene tinabadwira. Njerwa zake zinkadziwika. Mgodi utafika pamalo athu, banja lake linasamutsidwira ku Cateme. Anapeza nyumba ya simenti ndi malata, koma dothi lake loumbira analisiya, ogula anawasiya, ndipo munthu amene ankadzuka ndi ntchito anayamba kudzuka ndi kukhala. Chiyembekezo chake chonse anachiika pa Telma, mwana wake woyamba. Telma anali wanzeru. Pamayeso a desima anakhoza zina zonse, Chingerezi chokha n'chimene chinamugwetsa. Zakariya ananena poyera kuti mpata watsala umodzi. Akagwanso, sukulu yatha, ndipo panali kale bambo wina wa galimoto amene anali atatumiza anthu kudzafunsa za mwanayo. Ndinamupempha Zakariya kuti andipatse Telma adzakhale kwanga, aziphunzira kuseri kwa mpanda.

Tsiku loyamba Telma anafika pakhonde, n'kugwada kutali, mutu pansi.

"Dzina lako ndani?" anafunsa Aticha.

Milomo inagwedezeka, koma mawu sanatuluke.

"Amake Rafa," anandiitana ine, "mwandibweretsera mwana kapena udzudzu? Udzudzu ndiye umamvekako. Imirira, mwanawe. Pansipo palibe chimene wataya."

Vuto la Telma silinali mutu. Mawu ankawadziwa, akalemba payekha ankakhoza, koma akangomva kuti awa ndi mayeso, manja ankanjenjemera ndipo zonse zinkauluka. Ndipo pakamwa pake panalibe ine. Anamulera bwino kwambiri mwana ameneyu. Aticha anamupatsa ntchito yoti tsiku lililonse azinena chinthu chimodzi chimene wachita yekha, poyamba m'Chinyanja, kenako m'Chingerezi. Telma ankati tinaphika, tinatunga madzi, tinachapa.

"Munaphika ndi ndani? Azakhali ako tsiku lonse anali kumsewu akukalipira makasitomala. Kapena mphaka anakugwirira mthiko?"

Ana ankaseka, Telma ankalira, ine ndinkapsa mtima kuseri kwa mpanda. Galasi lija ankachita kulipewa ngati muli munthu woti amuluma. Koma miyezi itapita ndinayamba kumva mawu ake ndili kukhitchini kwanga. Tsiku lina ndinamumva akunena bwinobwino kuti wadzicheka chala posenda mbatata, myself wake ali pamalo pake. Aticha anangoti, "Ehe, wotsatira." Ine ndinalulutira ndekha pamoto.

Nthawi imeneyo kunali kachitidwe kamene aliyense ankakadziwa koma osakatchula mokweza. Kuno kumalire kuli ana ambiri amene anaphunzira tsidya linalo, kumene Chingerezi amayamba nacho ali aang'ono. Ndiye mabanja ankapeza mwana wotero wofanana msinkhu ndi wawo, n'kukonza ndi anthu odziwa njira kuti akalowe m'chipinda cha mayeso m'malo mwake. Tinkawatcha olowera. Anthu sankaziona ngati kuba kwenikweni. Ankati ndi kuthandizana, monga munthu amalimitsa munda akadwala.

Mayeso atayandikira, Zakariya anafika ku Zóbuè ndi mbuzi pachingwe. Sanayambire kwanga. Anapita molunjika pakhonde, ana atamwazikana, ndipo ine ndinasiya zimene ndinkachita n'kukaima pampanda.

"Muli tani, akulu?" anayamba, ndi Chinyungwe chake cha kuchigwa, kumene kuthokoza amati kutenda. "Ndatenda pa zimene mukuchitira mwana. Koma ine mtima suli pansi. Inu mumadziwa anthu mbali zonse ziwiri. Tipezereni mtsikana woti akamulowere pa ezame, pamayeso paja."

"Bambo a Telma, mwana wanu alemba yekha ndipo akhoza kukhoza."

"Akhoza kukhoza. Ndiye kuti akhozanso kugwa."

"Inde."

"Ine za mwina sindingazithe, akulu. Ndilibenso china."

"Ndamva. Koma wolowera sindikupezerani, ndipo mbuziyo bwererani nayo isanadye maluwa a mayiwa."

Zakariya anaimirira nkhope itada. Tsiku lomwelo anamutenga Telma kubwerera naye ku Cateme. Ndinayesa kumuletsa, anangoti, "Mana," ndi mmene amanditchulira ine mlongo wake, "mwanayu ndi wanga." Telma sanatsutse. Pomanga katundu wake anandinong'oneza kuti mwina ndi bwino choncho, chifukwa akalowa yekha adzanjenjemeranso. Patapita masiku tinamva kuti Zakariya wapeza munthu wina wokonza zinthu, ndipo wolowera wapezeka.

M'mawa wina ndinamva kuitana pampanda. Aticha anali atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Amake Rafa, valani. Mundiperekeze ku Cateme, njira sindikuidziwa."

A Nangozo anatuluka manja ali m'chiuno. "A Mbewe, mwezi uno? Kuchigwa? Mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha mwana wa eni?"

"Mankhwala ndamwa, mayi."

"Mankhwala a mutu woumawo ndiye simunamwe."

Tinakwera chapa. Unali mwezi uja mvula isanagwe, pamene kuchigwa ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala. Tikutsika mapiri, mphepo yolowa pawindo inayamba kuotcha, ndipo Aticha anasiya kulankhula, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Panjira yonse ndinkaganiza kuti akonza mawu akuluakulu okamugonjetsera Zakariya, ndipo ndinkadziwa kuti sizithandiza. Mlongo wanga ukamukankha ndi mawu amauma ngati njerwa zake zomwe.

Tinafika ku Cateme dzuwa lili paliwombo. Nyumba za kumeneko zinkafanana zonse, ndipo mitengo inali idakali yaing'ono, moti mthunzi unali wa khoma basi. Alamu anga a Joana atationa anathamanga kukayala mphasa mumthunzimo, n'kutulutsa mpando wabwino wa m'nyumba. Ine ndinakhala pamphasa. Aticha anadutsa mpando uja ngati sakuuona, anapita pakati pa bwalo, anakhala pansi padothi lotentha, n'kuvula chipewa. Dazi lawo linangoti ng'aa padzuwa.

A Joana anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Kwathu mlendo wamkulu akakana mpando, mthunzi ndi madzi, ndiye kuti akunena kuti pakhomopo pali cholakwa, ndipo sadzalandira kanthu mpaka chikonzedwe. Sachita kulalata. Anthu odutsa amaona okha. Ndipo chikamuchitikira chinthu ali pabwalo pako, dzina la khomo lako limapita nacho. Ndinali nditangomva kuti akale ankatero. Sindinaganizepo kuti ndidzaziona zikuchitidwa ndi munthu amene ndinkamunena kuti alibe mwambo.

Zakariya anatuluka akumanga mabatani a malaya.

"Akulu, n'chiyani ichi? Lowani mumthunzi tikambirane."

"Ndili bwino pompano, bambo a Telma."

"Mukufuna anthu anene kuti chiyani?"

"Anena zimene aone."

Zakariya anayamba kulankhula, ndipo sindinganame, zambiri zimene ananena zinali zoona. Anati Aticha ali ndi khonde lawo ndi munda wawo, palibe anawasamutsapo mtendere utabwera. Iye anamuchotsera dothi m'manja. Ana a anthu a maudindo amalowa ntchito ndi mapepala ogula, ndiye chilungamo chiyambire pa mwana wa woumba njerwa? Anati Telma akagwanso, Aticha adzabwerera kumapiri kwawo kozizira, koma iye ndiye adzatsale akuyang'ana mwana wake akukwera galimoto ya munthu wa msinkhu wa bambo ake.

"Sindinabwere kudzanena kuti mwana simumukonda," anayankha Aticha. "Mumamukonda mpaka mukufuna kumunyamula ngati khanda. Koma chikalata chimenecho adzachinyamula moyo wake wonse, ndipo tsiku lililonse adzadziwa kuti si chake. Ine ndamuona akugwira ntchito. Inu simunamuone. Mufunseni mwini wake."

"Mwana amafunsidwa?"

"Ndiye ndidikira."

Anadikiradi. Anthu anayamba kuima m'mipanda, ena kunamizira kudzabwereka moto masana onse aja. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana anafunsa mokweza kuti pakhomo pa Zakariya pachitika chiyani kuti agogo akhale padzuwa ngati chimanga choyanika. A Joana anabwera ndi madzi, Aticha anathokoza n'kupukusa mutu. Thukuta linanyowetsa jekete lonse, kenako linasiya kutuluka, ndipo apo ndi pamene ndinachita mantha. Milomo inayera. Ndinawakalipira onse awiri. Ndinamuuza Zakariya kuti munthuyu ali ndi matenda ndipo akafera pano ine sindikawauza a Nangozo, akawauze yekha. Ndinawauza Aticha kuti ukalamba wawapanga chitsiru. Zakariya anakhala pakhomo atagwira mutu, a Joana akulira chamumtima.

Telma nthawi yonseyi anali m'nyumba, akuonera pazenera. Anatuluka ndi kapu ya madzi m'manja onse awiri, anapita kwa Aticha n'kuwapatsa. Sanalandire. Sanamuyang'ane n'komwe. Telma anaima pamenepo kanthawi. Kenako anatembenuka, anapita kwa bambo ake, n'kugwada monga mwana wa pakhomo. Koma mawu amene anatuluka anamveka mpaka kwa anthu a m'mipanda aja.

"Ababa, ndikalemba ndekha. Ndikagwa, ndigwe ine. Mtsikana uja muuzeni asabwere."

Zakariya anamuyang'ana ngati akuona mlendo. Ndikhulupirira kuti anali asanamvepo mwana wake akulankhula chiganizo chathunthu pamaso pake.

"Ukudziwa chimene chikudikira ukagwa?"

"Ndikudziwa, ababa."

Kenako Zakariya anatenga kapu ija m'manja mwa mwana wake, anayenda yekha mpaka pakati pa bwalo, n'kuwapatsa Aticha.

"Imwani, akulu. Alemba yekha. Koma mwandivula pamaso pa anthu, ndipo sindidzaiwala."

Aticha anamwa pang'ono. Poti adzuke, miyendo inakana. Tinachita kuwanyamula kupita nawo mumthunzi, kuwavula jekete ndi kuwathira madzi kumutu. Tinabwerera ku Zóbuè mawa lake, Telma ali nafe, ndipo akuluwo anagona masabata angapo. Maphunziro otsala anamuphunzitsa ali chigonere, Telma ataima pakhomo la chipinda. A Nangozo anasiya kundipatsa moni mpaka Khirisimasi, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Telma analemba. Anatiuza kuti manja ananjenjemera monga kale, koma anawakhazika pa desiki mpaka anatopa okha. Anakhoza ndi nota, kunena malikisi, yongokwanira kudutsa, yopanda ngakhale kachidutswa kapamwamba. Atabwera kudzawauza, Aticha anafunsa mafunso amene anabwera, anamukalipira chifukwa cha awiri amene analakwitsa, kenako analowa m'nyumba n'kukhalamo nthawi yaitali. A Nangozo anandiuza pambuyo pake kuti anawapeza akupukuta m'maso ndi duku lija, amvekere ndi chimfine.

Wolowera uja anakalembera mwana wa banja lina, ndipo mwanayo anapeza nota yapamwamba kuposa ya Telma, n'kulowa ntchito msanga. Zakariya ankaikumbutsa nkhani imeneyi akakwiya. Telma anapitiriza sukulu pang'onopang'ono, ndipo lero ndi namwino, amakhala m'dera la 25 de Setembro ku Moatize. Ndinamuonapo ali pantchito akukalipira bambo wina amene sankamwa mankhwala, ataimirira, maso ali pa iye. Ndinazindikira kumene anakutenga kukalipa kumeneko.

Zakariya anasunga mawu ake. Sanalankhulanenso ndi Aticha. Akabwera kwanga ankadzera njira ya kuseri kuti asadutse pakhomo pawo. Koma chaka chilichonse nyengo ya masau ikafika, ankanditumizira thumba, n'kunena kuti ndikapereke kuseriko, ndinene kuti achokera kwa a Joana. Aticha ankalandira, amvekere ndikawathokozere a Joana, ndiwauzenso kuti amanga thumba mwamphamvu ngati mwamuna. Ndinawauza onse awiri kangapo kuti akule. Aliyense ankadikira mnzake.

Maliro atatha, mawa lake anthu atayamba kubalalika, Zakariya anandipeza ndikutsuka mbale.

"Mana, tiyeni mundionetse."

"Ndikuonetse chiyani?"

"Pamene mwana wanga ankakhala."

Tinazungulira mpanda. Pakhonde panalibe munthu. Mabenchi anali atawatengera kumanda kuti akhalire okalamba, ndipo anali asanabwezedwe, moti panatsala mabowo okha pansi pamene miyendo yake inadya dothi. Mpongozi wa a Nangozo anali atayanika nyemba mbali imodzi. Pakhoma, pamene ankatsamira pophunzitsa, laimu anali atachoka n'kusiya banga lakuda la msinkhu wa msana wa munthu. Nkhuku inkayenda pakati pa khonde lonse popanda woiingitsa. Sindinadziwe kuti khonde lija ndi laling'ono choncho.

Ndinamulozera pafupi ndi nsanamira ya kumapeto. Zakariya anapita n'kukhala pansi pomwepo, bambo wa imvi, maondo ali m'mwamba, akuyang'ana banga lija.

"Anali kuona bwino kuchokera pano?" anafunsa.

"Ankaona bwino."

Anagwedeza mutu. Kenako ananena motsitsa, osati kwa ine, "Ndatenda, akulu."

Ndinamusiya pomwepo, ndinabwerera ku mbale zanga. Chapa ya ku Moatize inadutsa ikuliza hutala, ndipo sanadzuke kukaiimitsa.